Mkono wa Alamu

Wonyamula simenti uja sankajomba. Pageti la sitolo pankaima anyamata khumi m'mawa uliwonse, maso ali pa malo ake. Ukadwala Lachiwiri, Lachitatu umapeza wina atavala magolovesi ako.

Koma mtima unali ndi zake. Akakweza matumba asanu pa lole, unkagunda ngati chigayo chakale. Nesi anati magazi akuthamanga. Achepetse mchere, asiye zokazinga za pamsewu, azipuma. Iye anangovomera. Kupuma kwake kuti? Chovuta china, mapiritsi ankaperekedwa munthu akayezedwa, mwezi ndi mwezi. Mzere wake wotha tsiku.

Kunyumba kunali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake. Ntchito analibe. Mpando anali nawo.

"Alamu, kuima mumatha?"

"Pang'ono."

"Kandiimireni pa mzere. Buku langa la kuchipatala ili."

Mlamu anaimadi, mpaka kulowa. Nesi anali watsopano. Anati mkono, iye anapereka. Miyezi iwiri mapiritsi anabwera. Wachitatu mlamu anabwera chimanjamanja, mano onse pamtunda.

"Mwachira, alamu! Akuti mtima wanu ngwa kamwana. Mankhwala muyambe mwasiya."

Mkazi uja anaika mbale pansi.

"Ayeza mkono wa ndani?"

"Mkono ndi mkono, mlongo wanga."

"Wa iwe wodzuka dzuwa lili pamutu? Magazi ako angathamange pothawa chiyani?"

Mwamuna wake anaseka. Kuseka kunathera m'chifuwa. Anagwira tebulo, thukuta lili kamukamu. Anati ndi kutentha chabe.

M'mawa mayiyo anagawa katundu. Buku kwa mwamuna wake, magolovesi kwa mlongo wake.

"Unamuimira kuchipatala. Lero kamuimire ku simenti. Malowo akatayika usabwere."

Kuchipatala nesi anamanga lamba pamkono weniweni. Anayang'ana makina, anayang'ana buku, anayang'ana munthu.

"Bambo, dzulo lomweli munali bwinobwino. Mwakumana ndi zotani?"

"Lero ndabwera ndekha, anesi."

Anamukalipira mokwanira. Mapiritsi anampatsa.

Pofika kunyumba anapeza mlamu ali gada pansi, mbuu ngati khoma losapenta. Malo anali atasungika.

"Alamu," anatero wogonayo osatsegula maso, "mwezi wamawa tikayezetse tonse. Aliyense ndi buku lake."