Maloko a Pikapu ya Che Sulemani

Pikapu ya Che Sulemani Jaffalie inali yamphamvu, koma mphamvu zakezo zinkafuna kupemphedwa. Galimoto zoyera za mabungwe othandiza othawa nkhondo zikafika pamchenga, dalaivala ankangokankha kagiya ali khale pampando, matayala onse anayi n'kuyamba kukoka. Ya Che Sulemani ayi. Iyo inkafuna kuti mwini wake aime, atsike, agwade pa tayala lakutsogolo la kumanja, apotokole loko wa pakati pa tayalalo mpaka kamuvi kaloze pa kadontho kofiira, azungulire kumanzere akachitenso chimodzimodzi, kenako abwerere kukakoka giya yaing'ono. Ukapanda kutero, matayala akumbuyo okha ndiwo ankazungulira, n'kumakumba dzenje lodzikwiriramo.

Zaka khumi ndi ziwiri akunyamula usipa ndi utaka kuchokera m'madooko a kumtunda kwa Malindi kupita nazo ku Mangochi ndi ku Namwera, Che Sulemani anali asanatitimirepo chifukwa choiwala maloko. Ankanyada nazo zimenezi mpaka kutopetsa anzawo pakhonde la mzikiti. Ankati galimoto ili ngati apongozi, ukafika pofunika kugwada, gwada, usachite makani.

Chaka chimene nkhondo ya ku Mozambiki inatha, pakhomo pa Che Sulemani m'pamene panayamba ina. A Lourenco ndi akazi awo a Luisa anafika m'mudzimo zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, ali ndi poto mmodzi, khasu lopanda mpini, ndi mnyamata wawo Luciano, yekhayo amene nkhondo inawasiyira. Che Sulemani anawabwereka malo kuseri kwa nyumba yawo, mumtima akuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mamewo anakhalitsa, Luciano analowa Chisilamu, n'kukwatira Yasmin, mwana wamkazi mmodzi yekhayo wa Che Sulemani pakati pa anyamata anayi.

Ukwatiwo Che Sulemani sanaukane. Akanaukaniranji? Kunyanja kuno mwamuna amatsatira mkazi, amamanga nyumba kwa apongozi, ndipo Luciano anamangadi yake pamalo oti Che Sulemani akatsokomola m'mawa, Yasmin ankamva n'kubwera ndi tiyi. Kenako kunabadwa Awa, kamdzukulu kamene kankagwira ndevu za agogo ake ngati chingwe cha ngalawa.

Tsopano a Lourenco anati akubwerera kwawo, kupitirira Mandimba. Minda yawo inali itasanduka tchire, ndipo nkhalamba siingazule zitsa yokha. Luciano anayenera kupita nawo. Ankhoswe anakhala pansi, anamufunsa Yasmin, iye n'kuyankha kuti atsagana ndi mwamuna wake. Amalume ake, omwe ndiwo eni mbumba, anavomera. Bambo pa nkhani zotere amangouzidwa, ndipo Che Sulemani anauzidwadi, mwaulemu wonse. Zinawawawa kwambiri, ndipo chowawitsa china chinali chakuti galimoto m'mudzi monsemo inali yawo yokhayo. Ndiwo anayenera kumutenga mwana wawo kukamutula pa malire.

Malole onyamula anthu obwerera kwawo ankanyamuka pa Chiponde Lachinayi masana dzuwa lili paliwombo. Anali omaliza chaka chimenecho. Wotsala akanadikira mpaka mvula itatha, miyezi isanu ndi umodzi.

Ananyamuka kutangocha. A Lourenco ndi a Luisa anakhala kutsogolo, akuluwo atavala jekete lawo limodzi lomwelo limene ankasungira tsiku lobwerera. Luciano ndi Yasmin, Awa ali kumsana, anakhala kumbuyo pamwamba pa matiresi, matumba a ufa, malata asanu ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Asanafike pamsewu waukulu, njira inkadutsa pa khwawa louma, lotambalala, la mchenga wofewa ngati ufa. Apa Che Sulemani anaima monga mwa masiku onse, natsika.

Kunena zoona, maganizo oipawo sanachoke nawo kunyumba. Anawapeza pomwepo, atagwada, dzanja lili pa loko. Miyezi isanu ndi umodzi! Munthu amene watsala miyezi imeneyo amadzala chimanga, ndipo amene wadzala amafuna kukolola, wokolola amafuna kugulitsa. Ndani akudziwa? Che Sulemani anagwira loko, anagwedeza phewa ngati akupotokola, nausiya momwe unalili. Anazungulira kumanzere, nachitanso sewero lomwelo. Asewere awo, a Lourenco ndi a Luisa, anali alimi, za maloko ankazidziwa ngati mmene nkhuku idziwira za Lachisanu.

Pikapu inalowa mumchenga, inayenda mpaka pakati pa khwawa, inalira, n'kukhala pansi.

"Kwagwanji, asewere?" anafunsa a Lourenco.

"Mchenga wachuluka chaka chino," anatero Che Sulemani, maso ali pa chiwongolero. "Tiyese kukankha."

Anakankha. Matayala akumbuyo anawaza mchenga kumaso kwa Luciano n'kutitimira kwambiri. Anatsitsa katundu yense. Luciano anatenga fosholo, a Luisa anapita kukathyola nthambi zoyala pansi pa matayala. A Lourenco anavula jekete lija, analipinda bwinobwino n'kuliika pa boneti, kenako anagwada n'kuyamba kufukula mchenga ndi manja. Anali munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Che Sulemani anawaona mu kalilole wa m'mbali, thukuta likutsika m'khosi, ndipo anachita manyazi. Komabe anapondanso mafuta, galimoto n'kutitimira kachikena. Nthawi inali kuyenda. Ola lachitatu chititimirire linakwana, dzuwa la mwezi wa khumi likuotcha mapazi, ndipo ku Chiponde kunali ulendo wa maola awiri ndi theka, phiri lili pakati.

Nthawi yonseyi Yasmin anakhala pamthunzi wa mgwalangwa akuyamwitsa, ndipo sankayang'ana kumene onse ankayang'ana. Iye maso anali pa matayala akutsogolo. Apa m'pamene Che Sulemani analakwitsa masamu awo. Anawerenga asewere, anawerenga mkamwini, naiwala kuti kamtsikana kamene kankakwera nawo kupita kumsika kali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kamene anakaphunzitsa okha kuloza kamuvi pa kadontho, ndi kamene tsopano kanakhala apo ndi mwana pamiyendo.

Yasmin anaimirira, napereka Awa kwa a Luisa. "Amayi, mukhale naye kumthunzi uko, kwatentha." Kenako anauza mwamuna wake kuti nthambi zimenezo n'zazing'ono, atengane ndi abambo ake akadule zikuluzikulu kutsidya kwa khwawa. Atapita onse, anabwera pa zenera la dalaivala.

"Ababa, akutsogolowa sakukoka."

"Ndanena kale, mchenga wachuluka."

"Mchenga ndi womwewu wa masiku onse, Ababa."

Che Sulemani anazimitsa injini. 

"Ndaona kalekale," anatero Yasmin, mawu ali pansi. "Ndimadikira kuti mwina mutsika nokha. Ndikanalankhula pamaso pa apongozi anga, mukanayenda bwanji m'mudzi muno?"

"Kumeneko m'minda muli mabomba okwirira," anatero Che Sulemani. "Chipatala kulibe. Awa akadwala malungo usiku, ukamunyamula pa chiyani? Ine sindikukuletsa, mwanangu. Miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ena apite kaye, tione ngati abwera ndi miyendo yawo."

"Nanenso ndikuopa, Ababa. Simuli nokha. Koma akuluwo adikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo taonani mmene mwawagwaditsira mumchenga. Lole ikatisiya, mawa anyamuka wapansi, ndikuwadziwa. Luciano sangawasiye, inenso sindingamusiye. Ndiye musankhe nokha, ndipite pa lole mutanditsanzika, kapena ndipite wapansi ndi mwana kumsana, ndikudziwa chimene munachita."

Sanadikire yankho. Anapita pa tayala la kumanja, anafukula mchenga pang'ono, napotokola loko mpaka unalira. Anazungulira kumanzere. Loko wa kumanzere unali wouma chikhalire. Yasmin anakulunga dzanja ndi nsonga ya chitenje, analimbana nawo, anaukanikiza ndi manja awiri, koma sunasunthe. Che Sulemani anamuyang'ana mwana wawo ali chogwada padzuwa. Akanatha kungokhala chete, lokowo n'kuwagwirira ntchito yonse. Anatsegula chitseko, anatsika, nagwada pambali pake.

"Suntha. Umayamba waukankhira m'kati."

Anaupotokola okha.

Amuna aja atabwera ndi nthambi, Yasmin anawauza kuti maloko anali atabwerera okha, amatero akakalamba. Luciano anakhulupirira, nanena kuti Alihamudulila kuti zaoneka. A Lourenco anayang'ana lokowo, anayang'ana asewere awo kwa kanthawi, kenako anasasa mchenga m'mawondo n'kuvala jekete lawo. Pikapu inabwerera m'mbuyo pang'ono, inaluma nthambi zija ndi matayala onse anayi, n'kutuluka pakhwawapo ngati sinali yomweyo. Anapakiranso katundu mothamanga.

Phiri lokwera ku Namwera Che Sulemani ankalikwera mwaulemu masiku onse, kusunga injini. Tsiku limenelo analikwera ngati akuthamangitsidwa, a Luisa atagwira chitseko ndi manja awiri akutchula oyera mtima onse amene ankawadziwa. Anafika pa Chiponde malole atalizidwa kale, anthu atadzaza pamwamba ndi mitolo yawo. Pansi pa mtengo panali tebulo, ndipo kalaliki wa magalasi anali akutseka buku lake.

A Lourenco anapereka khadi lawo la othawa nkhondo. Kalalikiyo anawerenga maina atatu, anakweza maso, nawerenga anthu.

"Pakhadi pali atatu. Mayi uyu ndi mwanayu ndi ndani?"

"Mkazi wanga ndi mwana wanga," anatero Luciano.

"Aliyense akutero lero. Kalata ya ukwati ili kuti?"

Kalata panalibe. Ukwati unamangidwa ndi shehe pakhonde, mboni zake zinali anthu, osati mapepala. Kalalikiyo anati malole amenewa ndi a obwerera kwawo, ndipo mayi wa ku Malawi sangamukweze popanda wachibale wake womuikira umboni, chifukwa mawa makolo abwera kudzalira kuti boma laba mwana wawo. Anayang'ana wotchi, kenako analoza Che Sulemani ndi cholembera.

"Inu adalaivala, mwangowanyamula kapena mukuwadziwa anthuwa?"

Yasmin sanatembenuke. Anangoweramitsa mutu, akukonza mpango wa Awa umene sunafunike kukonza. Che Sulemani anaona bwino lomwe kuti apa panalibe chofuna kugwada kapena kunama kwambiri. Kungoti ndangowanyamula, basi, buku likanatsekedwa, ndipo madzulo omwewo Awa akanakhala ali pakhonde pawo. Mtima unawauza kuti anene zimenezo, ndipo unawauza mokuwa.

"Ndi mwana wanga," anatero. "Uyu ndi mwamuna wake, ndinawakwatitsa ndine. Mulembeni."

"Mukuvomera kuti apite?"

"Ndati mulembeni."

Kalalikiyo analemba Yasmin, analemba Awa, natembenuza buku kuti Che Sulemani asaine. Anasaina pang'onopang'ono, dzina lonse, ngakhale kalalikiyo ankagogoda tebulo ndi chala.

Anathandiza kukweza malata, ufa ndi matiresi. A Lourenco asanakwere anawagwira dzanja ndi manja awiri, nati, "Asewere, tikam'sunga." Yasmin anagwada pafumbi pomwepo, pakati pa anthu ndi utsi wa malole, nati, "Tsalani bwino, Ababa. Mukawauze amayi kuti tafika nthawi yabwino." Che Sulemani anafuna kunena zambiri, za malungo, za kuyenda m'njira zopondedwa kale, za kutumiza uthenga, koma dalaivala wa lole analiza hutala. Anamutenga Awa kuti mayi ake akwere bwino, ndipo Yasmin atakhazikika pamwamba pa matumba, anatambasula manja.

Che Sulemani anamugwirabe mwanayo kanthawi, mpaka dalaivala wa lole analiza hutala kachiwiri. Ndiyeno anamukweza m'mwamba ndi manja awo, namupereka.