Njinga Yokana a Perpetua

Njinga ija inazimanso pa kamlatho ka padambo. Inangoti thu, thu, kawiri, basi zii. A Lameki anatsitsa miyendo yonse pansi, nkupukusa mutu.

"Fyuzi yapsanso," anatero.

Akazi awo, malemu a Perpetua, anatsetsereka pachishalo nkukonza chitenje. "Ndamva ndekha, bambo a Maliya. Tsikani tikankhe, dzuwa likukwera."

Zinali zaka za makuponi zija. Kuponi ya banja lawo inatuluka m'dzina la a Perpetua, ndipo ku depoti sankapatsa munthu wina feteleza ayi, ankafuna mwini dzina aime yekha ndi chiphaso chake chovotera. Lole inali itatsitsa dzulo lake. Aliyense ankadziwa kuti dzuwa likafika pamutu, m'shedimo mutsala fumbi lokha. Kumunda chimanga chinali chitamera kale, chayamba chikasu m'masamba. Kuphonya tsiku limenelo kunali kuphonya chaka.

Njingayo inali yamoto, yakalekale. A Lameki anaigula kwa mlangizi wina wa fodya atapuma ntchito. Inkanyamula chilichonse: mabelo, mitengo ya chigafa, mbuzi, tsiku lina mpaka abusa. Koma akangokwera a Perpetua, fyuzi inkapsa. Osati pomwepo ayi. Tsiku lina pa geti la tchalitchi, tsiku lina pamphambano, tsiku lina osapsa nkomwe, kungoyenda ngati yatsopano. Mapeto ake a Lameki anayamba kuwasiya akazi awo. Miyezi itatu a Perpetua ankapita ku tchalitchi wapansi, amuna awo nkuwadutsa panjira atanyamula ena. Azimayi pachitsime ankati njingayo ndi mkazi wamng'ono, ili ndi nsanje. A Perpetua ankaseka nawo, koma akafika kunyumba ankangoti duu.

Anakankha mpaka pa Lisasadzi, pamene Frazer anali ndi chisakasa chake chokonzeramo njinga. Frazer anali mlongo wawo wa a Perpetua, wamng'ono, wa pakamwa posatopa. Atawaona akubwera thukuta lili kamukamu, anaika sipanala pansi.

"Mwabweranso ndi mitala yanu, alamu? Ayambananso?"

"Tasiya zimenezo, Frazer," anatero a Lameki, akutulutsa kabokosi ka machesi m'thumba. "Fyuzi yatsala imodzi iyi. Ikapsa iyi feteleza watipita."

"Ine ndinakuuzani kuti njingayi ilibe mlandu. Batire ndinayeza. Mawaya akutsogolo ndinamanga onse. Ndinakwera kumbuyo kwanu ineyo mpaka ku Boma nkubwerako, inazima? Vuto ndi alongo angawa. Anenepa."

"Iwe," anatero a Perpetua, "ndinakubereka kumsana uli ndi mamina, tsiku lonse kumunda, ndinazima ine?"

Frazer anaseka mpaka kukhosomola. Kenako anatola paketi ya ndudu yopanda kanthu, nkusolola kapepala konyezimira ka m'kati.

"Nayi nzeru ya changu. Tikulunge aka pa fyuzi yopsayo. Aka sikapsa, mukafika."

"Kakapanda kupsa ikoko, chipse nchiyani?" anafunsa a Perpetua.

Frazer anakanda m'mutu. "Mwina mawaya."

"Mawayawo amadutsa pati?"

"Pansi pa chishalo."

"Pamene ndimakhala ine. Taya kapepalako."

Anataya. Amuna awiriwo anazungulira njinga ija, wina kugwedeza waya uyu, wina kununkhiza batire. Pamsewu anthu ankadutsa pa njinga zakapalasa, onse kulowera ku depoti. A Lameki ankawayang'ana, mtima uli m'mwamba.

A Perpetua anakhala pa tayala lakutha, nkuvula nsapato imodzi kuchotsa kamwala. Anayankhula osayang'ana munthu.

"Miyezi itatu mwafunsa batire, mwafunsa mawaya. Ine wokhala pamwamba pakepo palibe wandifunsa."

"Nanga inu mukudziwa chiyani za magetsi, mayi a Maliya?"

"Za magetsi sindidziwa. Ndikudziwa za mwendo wanu. Njingayi siizima ine ndikamakwera. Pamsewu wowongoka imathamanga bwinobwino. Imazima inu mukaponda buleki. Pa geti la tchalitchi munaponda. Pamphambano paja munaponda, kunkadutsa ng'ombe. Lero pakamlatho mwaponda poopa thabwa lothyoka lija. Ndipo mukaponda ndimamva kaphokoso pansi panga, tha, ngati chimanga chokazinga."

A Lameki anatsutsa. "Koma ndili ndi Frazer ndinkapondanso buleki. Ndili ndi abusa ndinaponda kangapo."

Frazer ankayang'ana chishalo, nkuyang'ana chitenje cha alongo ake, nkuyang'ananso chishalo.

"Alongo, paja mumakhala bwanji panjingapa?"

"Monga akhalira mzimayi. Chammbali, miyendo uku. Umafuna ndizitang'adza ngati iwe?"

"Ayi, ayi, musasinthe! Alamu, fyuzi yanuyo bwezani m'kabokosi, tisaiwononge poyesa."

Anathamangira m'chisakasa nkutulukamo ndi babu la njinga lomangirira timawaya tiwiri. Analumikiza timawayato pamalo pokhala fyuzi. Anati babulo ligwira ntchito ya mboni: magetsi akamayenda njira yake liziyaka mofooka, koma waya akakhudza chitsulo liwala kwambiri, popanda chopsa.

A Lameki anakhala kutsogolo nkutembenuza kiyi. Frazer anakwera kumbuyo chotang'adza, babu lili m'manja.

"Pondani!"

Anaponda buleki. Babu linangofiira pang'ono ngati khala la m'phulusa. Frazer anadumphadumpha pachishalo, kudzigwetsa ndi mphamvu. Palibe chinasintha.

"Tsopano alongo. Bwerani, khalani monga mwa masiku onse."

A Perpetua anavala nsapato yawo mosafulumira, nkukhala chammbali, dzanja limodzi paphewa la amuna awo.

"Pondani!"

Babu linawala mbee, masanasana.

"Siyani!" Linazilala. "Pondaninso!" Mbee.

Frazer anakuwa ngati wagoletsa chigoli. Azimayi awiri ogulitsa tomato patsidya pa msewu anaimirira kudzaona, mmodzi mpaka kululutira asanadziwe nkomwe chimene chachitika. A Lameki anaponda kachinayi, kachisanu, akungoseka, mpaka akazi awo anawatsina kuti nthawi ikutha.

Atamasula chishalo, nkhani yonse inali poyera. Waya wopita ku nyali ya buleki ankadutsa m'mphepete, pansi pa lata la chishalo. Latalo linali ladzimbiri, lopindika mbali imodzi. Munthu akakhala chotang'adza, kulemera kunkagwera pakati, waya osakhudzidwa. Koma wokhala chammbali ankatsindikiza mphepete imeneyo, lata nkuluma waya. Pamalopo chikopa cha waya chinali chitadyeka, timikuwa tili pamtunda, ndipo pa latapo panali kadontho kakuda kowauka. Waya ameneyo amakhala ndi moto pokhapokha buleki ikapondedwa. Ndiye pankafunika zonse ziwiri pamodzi, mzimayi ndi buleki.

"Miyezi itatu!" anatero a Lameki, akukhudza kadonthoko ndi chala. "Kanthu kochepa chonchi."

"Miyezi itatu ine ndikutha zidendene," anatero a Perpetua.

Frazer anakulunga waya uja ndi tepi, nkumuvekanso kachidutswa ka tchubu chakutha. Anamudutsitsa m'kati mwa felemu, kutali ndi lata, nkumanga ndi mphira. Mphepete yopindika ija anaiwongola ndi hamala. Anayesanso ndi babu, a Perpetua atakhala, ndipo linangofiira mwaulemu. Apo mpamene a Lameki anatulutsa fyuzi yotsala ija nkuiika ndi manja awiri.

"Alongo, mukadzafuna ntchito mubwere," anakuwa Frazer njinga italira. "Koma muzidzabwera ndi chishalo chanu!"

Ku depoti anapeza mizere iwiri, wa abambo ndi wa amayi, yonse yokhotakhota mpaka kuseri kwa shedi. A Perpetua analowa pa mzere wawo, kuponi ndi chiphaso atazimanga pa mfundo ya chitenje. A Lameki anaima pansi pa mtengo, maso ali pakhomo la shedi, kuona mulu wa matumba ukutsika. Unatsika mpaka kuoneka simenti ya pansi. Dzuwa litangopendeka, anamva kalaliki akuitana dzina la akazi awo, ndipo posakhalitsa anawaona akutuluka, kumbuyo kwawo amuna awiri atasenza matumba, lina la wokulitsa, lina la wobereketsa. Sipanapite nthawi, chitseko cha shedi chinatsekedwa.

A Perpetua anakhala pa thumba limodzi nkupukuta nkhope.

"Mangani panjingapo muzipita, mitambo iyo. Tonse ndi matumba sitikwana. Ine ndibwera wapansi, ndinazolowera."

A Lameki anazungulira pabwalopo mpaka anapeza a Tsoka, a m'mudzi woyandikana nawo, amene anabwera ndi ngolo ya ng'ombe. Anayankhulana pang'ono, kenako matumba awiri aja anakwezedwa pangolo nkufunditsidwa lona.

"Mwatani kodi? Ngoloyo ikafika dzuwa litalowa!"

"Ifike. Feteleza alibe miyendo yotopa." Anapukuta chishalo ndi chipewa chawo. "Kwerani, mayi a Maliya."

Anakwera, chammbali. Msewu wa kwawo ndi wowongoka, wopanda chitunda, minda ya fodya uku ndi uku. Panalibe ng'ombe, panalibe dzenje. Koma a Lameki anaponda buleki, a Perpetua nkugunda pamsana pawo. Injini inangolirabe. Anayenda pang'ono nkupondanso.

"Bambo a Maliya, mwapenga? Anthu akuona!"

"Ndikuyesa waya."

Anaponda ponseponse mpaka kufika pakhomo, ndipo paliponse a Perpetua ankawamenya paphewa, akuseka mpaka misozi. Njingayo ikadalipo. A Lameki amati mpaka lero akaponda buleki, phewa limenelo limadikira.