Chitseko cha Timba Woyamba

Suti ya Achitseko inasitidwa kawiri. Akazi awo anaisita Lachinayi, ndipo Lachisanu m'mawa anaisitanso chifukwa kolala inali itapindika. Kenako anaipinda bwinobwino n'kuiika m'jumbo pamodzi ndi taye yofiira.

"Mukayambe mwasamba m'manja musanaigwire," anatero mayiwo. "Girizi wanu ndimamudziwa ine."

"Zaka zisanu ndi zinayi ndisanagwire girizi, amayi."

"Koma m'zikhadabomo akadalimo."

Anapemphera pakhomo chiimirire, monga ankachitira masiku onse a ntchito. Mayiwo sanapemphe zambiri. Anapempha ulendo wabwino, ndiponso kuti mwana wawo akaoneke bwino pamaso pa mabwana ake.

Dzina loti Achitseko linachokera ku fakitale ya magalimoto, kumene bamboyu anagwirako zaka makumi atatu ndi chimodzi akupachika zitseko za Timba. Timba kanali kagalimoto kakang'ono ka anthu wamba: aphunzitsi, anamwino, oyendetsa matakisi. Tsikulo Timba ankakwanitsa zaka makumi anayi, ndipo fakitale inakonza mwambo waukulu masana. Woyendetsa zokonzekera zonse anali mwana wawo wachisamba, amene tsopano anali bwana wa ofesi yotsatsa malonda. Dzulo lake anali ataimba foni.

"Ababa, mubwere mawa cha m'ma seveni. Mutenge zida zanu."

Achitseko sankafuna mphatso. Ankangofuna kukhala pampando m'holomo, kuti pofotokoza mbiri ya Timba wina anene kuti zitseko ankapachika ndi awa, iwo aimirire pang'ono, kenako akhalenso. Zimenezi sanauze munthu, koma Mulungu yekha.

Pageti anapeza mlonda wosamudziwa, wamtali, wa ndevu zaimvi.

"Khadi yoitanira, madala?"

"Ndaitanidwa ndi bwana wa zotsatsa. Ndi mwana wanga."

Mlondayo anayang'ana chikwama cha zida, anayang'ana jumbo ya suti, ndipo anaimba foni. Mwanayo anabwera akuthamanga, makiyi akulira m'thumba. Sanawapatse moni wa dzanja. Anawadzeretsa kuseri, njira ya zinyalala, mpaka analowa m'holo kudzera kukhomo la okolopa.

M'holomo munali a Timba asanu atandandalika pamzere, aliyense pansi pa nyali yake. Achitseko anayenda pang'onopang'ono kuchokera kumapeto. Wachisanu anali watsopano, wophimbidwa ndi nsalu, woti avundukulidwe tsiku lomwelo. Wachinayi anali uja anabwera ndi makina a mikono yachitsulo, makina opachika chitseko m'kuphethira kwa diso. Chaka chimene anatuluka ndicho iwo anauzidwa kuti akapume. Wachitatu anali wozungulira, wonenepa pang'ono, wokondedwa ndi a matakisi chifukwa sankamwa mafuta. Wachiwiri anali wa makona, woyamba kukhala ndi zitseko zinayi, ndipo ntchito yawo inawirikiza chifukwa cha iye. Kumayambiriro kwa mzere kunali Timba woyamba, wobiriwira, wa zitseko ziwiri, maso ake ozungulira ngati a mwana. Inali galimoto yoyamba yeniyeni kutuluka pamzere wa fakitaleyo.

Chitseko chake cha dalaivala chinali chopendekeka, chosatsekeka.

"Vuto ndi limeneli," anatero mwanayo. "Yakhala mosungira katundu zaka zonsezi, chitseko chagwa. Masana Bwana wamkulu ayenera kulowamo, atuluke, achitseke ndi chala chimodzi atolankhani akujambula. Mainjiniya awa alimbana nacho kuyambira Lolemba."

Mainjiniya atatuwo anali ataima pambali, makina awo oyezera ali pansi. Wa magalasi anaseka.

"Laputopu yanu ili kuti, agogo?"

"Ili muno," anayankha Achitseko, natulutsa nyuzipepala yakale.

"Eee! Tiwerenga za mpira kuti chitseko chisangalale?"

Anzake anaseka. Achitseko anavala ovolosi, nang'amba nyuzipepalayo m'tizidutswa tatitali, m'lifupi ngati zala ziwiri. Pogwada, mawondo awo analira. Mayi wina wokolopa, amene ankapukuta pansi chapafupi, anasiya mopu wake, napinda katoni kawiri, naiika pansi pa mawondo awo.

"Ambuye akudalitseni, mayi," anatero Achitseko.

Za pepalazo zinayamba kalekale. A Timba oyamba ankadontha. Mvula ikagwa, madzi ankalowa m'mbali mwa chitseko mpaka ogula ankayendetsa atapinda mathalauza, ndipo m'misewu galimotoyo inapatsidwa dzina loti bafa loyenda. Akuluakulu anayamba kukambirana zoisiya. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi, Achitseko anatsekera pepala pakati pa chitseko ndi labala, nalikoka. Penapake linatuluka mosavuta: pamenepo ndipo pankalowa madzi. Penapake linang'ambika: pamenepo chitseko chinkapana kwambiri. Chitseko chabwino chimalola pepala kutuluka monyinyirika, ngati mwana wochotsedwa pamasewera. Kuyambira pamenepo chitseko chilichonse chinkayesedwa ndi pepala malo khumi ndi awiri, ndipo Timba anasiya kudontha.

Anachitanso chimodzimodzi m'mawawo. Anamasula mahinjesi pang'ono, anaika kathabwa pansi pa chitseko, nachinyamula ndi bondo, akumvetsera. Anamanga, anayesa pepala, anamasulanso. Loko nayo inali itauma, choncho anafunika kuchotsa chophimba cha m'kati mwa chitseko. Atachichotsa anaima chilili, sipanala ili m'manja.

Pachitsulo cha m'katimo panali zolemba za pensulo, zofufutika pang'ono koma zowerengeka. Linali tsiku, mwezi ndi chaka, ndi mawu awiri: Mwana wamwamuna.

"Iwe, tabwera kuno," anaitana. "Taona."

Mwanayo anawerama, foni ili kukhutu.

"Unabadwa mbandakucha, ine seveni koloko ndinali pano. Kapitawo anakana kundipatsa tchuthi chifukwa galimoto yoyamba inkatuluka tsiku limenelo. Ndinalibe womuuza, ndiye ndinauza chitsekochi."

Mwanayo anayang'ana zolembazo, kenako anatembenukira kumene wojambula zithunzi ankaimika makina ake.

"Tsekanipo msanga, ababa. Asaone kuti tatsegula m'kati."

Achitseko anadzoza loko, nabwezeretsa chophimbacho. Cha m'ma leveni anaimirira, napukuta chala pa ovolosi, nakankha chitsekocho ndi chala chimodzi. Chinayenda chokha n'kungoti phu, mofewa, ngati munthu wotula mtolo. Anayesa pepala malo onse khumi ndi awiri. Injiniya wa magalasi uja anatsegula ndi kutseka katatu, kenako anayamba kulongedza makina ake osayang'ana munthu.

Achitseko anakasamba kuchimbudzi cha antchito. Anapaka sopo katatu, anakanda zikhadabo ndi kamtengo ka machesi, koma mizere yakuda inakana. Anavala suti. Potuluka anakumana ndi mayi wokolopa uja.

"Taye yapendekeka, bambo. Taimani." Anapukuta manja pa epuloni nawakonzera. "Basi, lero ndinu mkwati."

Alendo anali atayamba kulowa pakhomo lalikulu. Achitseko anabisa chikwama cha zida kuseri kwa chitseko, nalowera komweko. Anali atatsala mapazi ochepa pamene mwana wawo anawagwira pachigongono n'kuwakokera pambali.

"Mukupita kuti, ababa?"

"Kukakhala pansi."

"Sutiyi mwavaliranji? Ine ndinati mutenge zida."

Mwanayo analoza chinsalu chachikulu chimene anthu awiri anali atangomaliza kupachika pamwamba pa Timba woyamba. Panalembedwa kuti: Zaka makumi anayi, sanakhudzidwepo ndi sipanala.

"Mwambo wonse waima pa mawu amenewo. Ndinawalemba ndine, Bwana wamkulu anawakonda. M'katimo muli akuluakulu akale amene amakudziwani. Akangokuonani ndi manja amenewo, adziwa chimene mwabwerera."

"Ndikhala kumbuyo kwenikweni. Manja ndiika m'matumba."

"Inu mungakhale chete? Wina akakufunsani za chitseko muyamba nkhani yanu ya pepala ija mpaka dzuwa kulowa."

"Ndikhala chete, mwana wanga."

"Ababa, musandivute lero. Mukufuna ndichotsedwe ntchito?" Anakodola mtsikana wogawa mphatso, natenga kapusi imodzi yolembedwa kuti Timba 40, nawapatsa. "Nayi. Mukawapatse moni amayi. Mudzere komwe tinalowera."

Achitseko anatenga chikwama chawo natuluka njira ya zinyalala ija. Koma miyendo inakana kupita kugeti. M'mbali mwa holoyo munali zenera limodzi lotsegula pang'ono, pafupi ndi migolo ya zinyalala, ndipo anaima pamenepo. Dzuwa linali pamutu. Patapita kanthawi mlonda uja anabwera. Anawayang'ana, anayang'ana suti, nabwerera. Anabweranso ndi kampando kake ka pageti ndi botolo la madzi.

"Khalani apa, madala. Ine sindinakuoneni."

Zolankhula zinayamba. Mwana wawo ndiye anali pachimkuzamawu, ndipo ankalankhula bwino, mawu omveka, osathamanga. Anafotokoza za Timba woyamba ndi kainjini kake kofooka pazitunda, za wachiwiri, za wachitatu amene anagulidwa koposa onse, za wachinayi wa mawindo a magetsi. Za bafa loyenda ananenanso, anthu naseka, ndipo iye anati vutolo linatha chifukwa cha luso la akatswiri a kampani. Kenako anayamba kutchula maina, ndipo wotchulidwa aliyense ankaimirira pang'ono n'kukhalanso. Wojambula maonekedwe a galimoto. Wopanga injini. Wosankha mitundu ya penti. Mkazi wa Bwana wakale, amene anapatsa galimotoyo dzina. Wopeka nyimbo yotsatsira pa wailesi. Pa dzina lililonse Achitseko ankadzutsa msana pang'ono, chifukwa mtima sumva zimene makutu amva.

Maina anatha. Bwana wamkulu analowa mu Timba woyamba, anagwira chiwongolero, anatuluka, nakweza chala chimodzi kuti onse achione. M'holo munati zii. Achitseko anaimirira, nayandikiza khutu pazenera.

Phu.

Anthu anaomba m'manja mpaka ena kuimirira. Achitseko anatsinzina. Chinali chitatseka bwino kuposa m'mawa.

Atatsegula maso anaona Bwana wamkulu akuwayang'ana. Bwanayo anawerama kwa mwana wawo nalozera kuzenera. Chimkuzamawu chinali chisanazimitsidwe.

"Nanga nkhalamba ili pazenerayo ndani?"

Mwanayo anatembenuka. Maso ake anakumana ndi a bambo ake.

"Ndi madala wina wake, bwana. Ankasesa kuno kale. Mutu suyenda bwino, akangomva nyimbo amavala suti n'kubwera."

Okhala kutsogolo anaseka, ndipo kusekako kunayenda mpaka kumbuyo. Ena anadzuka kuti aone bwino. Pamzere wachiwiri panali kapitawo wakale uja, wokalamba tsopano, ali ndi ndodo. Anawazindikira. Anayang'ana pansi, nayamba kuwerenga pepala la ndondomeko.

"Muuzeni mlonda," anatero Bwana wamkulu, ndipo nyimbo zovundukulira Timba wachisanu zinayamba.

Foni ya mlonda, amene anali ataima chapafupi, inalira. Anaimvera, anati inde bwana kawiri, naibweza m'thumba. Sanawagwire pamkono. Ananyamula chikwama cha zida dzanja limodzi, kampando dzanja lina, natsogola. Atafika pageti anatuluka nawo mpaka pamsewu, naimitsa basi ndi dzanja lake.

"Mwaiwala kapusi, madala."

"Muisunge. Dzuwa limakuwotchani pano."

Anafika kunyumba dzuwa likadali m'mwamba. Akazi awo anali pakhonde akusoka batani, ndipo atawaona anaimirira msanga, ulusi uli pakamwa.

"Mwafulumira bwanji? Mwambo watha kale?"

"Mbali yanga yatha."

"Nanga mwana wathu? Waoneka bwino?"

"Waoneka bwino. Mabwana ake amuombera m'manja. Pemphero lanu lija layankhidwa."

"Alemekezeke Mulungu!" Mayiwo anaomba m'manja kamodzi. "Nanga inu, anakutchulani? Munaimirira?"

Achitseko anavula jekete nawapatsa. Anamasula taye, naipinda kawiri monga inalili m'mawa.

"Sopo ali kuti, amayi?"

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. Analowa m'nyumba, nabwera ndi beseni, sopo ndi kansalu. Anakhala pansi pambali pa amuna awo, natenga dzanja lawo lamanja, nayamba kuchotsa girizi chikhadabo chimodzichimodzi. Ali pa chala chachitatu, foni inalira m'thumba la jekete. Inalira maulendo awiri, kenako inaleka.