Lipenga la M'chimbale Chachinayi

Glenys atalowa m'khitchini mwa Derek mumzinda wa Sheffield anagwira mphuno chifukwa cha fungo. Matepi akale amamatana, ndiye asanawalize amayamba awawamba mu uvuni pa moto wochepa. Derek anali atawamba tepi ya chimbale chachinayi.

"Iwe, wakutuma ndani? Chimenecho sichilowa m'bokosi!" anakalipa Glenys.

Kampani yojambula nyimbo inkafuna kutulutsanso zimbale zisanu za gulu lawo loimba m'bokosi limodzi. Zinazo zinali bwino ndithu, Derek pa mawu, Glenys pa kiyibodi. Koma chachinayi, cha 1986, ha! Chaka chimenecho anagulitsa makina awo akale n'kugula kiyibodi yobwera ndi kaliridwe kake kokonzeratu. Nyimbo iliyonse anaithira lipenga labodza, lomwe lija linkalira pa wailesi potsatsa sopo. Kwa zaka makumi atatu Glenys ankauza atolankhani kuti lipengalo linali nzeru za Derek, iye anakana koma sanamumvere. Ankakhulupiriradi zimenezo, ndipo ulemu wake wonse unatsamira pamenepo.

"Ukachiika, dzina langa ufufute. Nyansi zako udye wekha."

"Takhala pansi, mayi iwe, tiyi akuzizira. Tingomvako kamodzi."

Derek anakoleka tepi pa makina. Ng'oma zinayamba, kenaka ilo: pwee! pwee-pwee! Glenys analoza makinawo.

"Tamva! Ngati bakha woti wapondedwa ndi basi. Unalibe makutu kapena unalibe manyazi? Asa!"

Derek anangopitiriza kutakasa tiyi. Nyimbo inatha koma tepi sinathe, paja pojambula sathamangira kuzimitsa, zotsalirazo amadzadula pambuyo. Munamveka mpando ukukhwekhwerezedwa, kenaka mawu a mnyamata: "Glen, lipengali likunyansa, tilichotse."

Mtsikana anaseka chikhakhali. "Usakhudze! Limeneli ndi langa. Tilithira m'nyimbo zonse, zakale zija zinali za pamaliro."

Glenys anayang'ana makinawo kukamwa kuli yasa. Kasekedwe kameneko ankakadziwa bwino, kanali kake. Anatembenukira kwa Derek.

"Unkadziwa?"

"Ndinalipo, si wandimva?"

"Ndiye zaka zonsezi ine ndikukunyoza m'nyuzi, iwe uli phee?"

"Chimbalecho chitakanika malonda unatha miyezi itatu osatsegula makatani," anatero Derek. "Tsiku lina unati ndine ndinalakwitsa, mawa lake unabwerera pa kiyibodi. Ndinaona kuti bola ndilisenze. Kupanda apo chachisanu sichikanabadwa."

Chachisanu chija, chomwe anthu amaimbabe mpaka lero. Glenys anamwa tiyi wozizirayo.

"Chiike," anatero. "Pamalo pake, pakati pa chachitatu ndi chachisanu. Ndipo pachikuto ulembe dzina la amene analiza lipenga."

"Walikonda tsopano?"

"Likununkhabe! Koma ndi langa. Bweza tepiyo ndidzimvenso."