Mano Awiri Abwinobwino

Wounika anapaka mafuta ozizira m'mbali mwa mutu wa amayi anga, patsogolo pa khutu, n'kukhazikapo kachipangizo ka makina a sikani.

"Makinawa si a azimayi oyembekezera kodi?" anafunsa amayi. "Mwana wanga, ukufuna mimba m'mutu mwa nkhalamba?"

Wounikayo anaseka pang'ono. Ine sindinaseke. Diso lamanja la amayi linali litazima Lachiwiri ali pa makina awo osokera, ndipo m'mawa umenewo lamanzere linali litayamba kuchita chifunga. Limeneli ndi lomwe tinabwerera kudzapulumutsa.

Amuna anga anaima pafupi ndi chitseko, manja ali kumbuyo. Iwo ndi dokotala wa mano. Amayi atayamba kudandaula kuti nsagwada zikuwawa akamatafuna, sitinapite kwina kulikonse. Tikanapitiranji dokotala ali m'nyumba? Amuna anga anawakhazika pa mpando wa kuntchito kwawo n'kuzula dzino lakumbuyo. Ululu sunathe, ndiye anazula lachiwiri. Mutu unkawapwetekanso amayi, ndipo chipeso chikangokhudza khungu la m'mutu ankatsinzina, koma zimenezi sanawauze apongozi awo. Munthu suuza mpongozi kuti ntchito yake siinathandize. Anandiuza ine, ine n'kuwagulira mapiritsi a mutu.

"Adokotala, tabwerani muone," anaitana wounika uja.

Analowa dokotala wamkazi, wamfupi, magalasi ali pamphumi. Anayang'ana chithunzi cha pa makinawo kwa nthawi, kenako anandikodola.

"Kabowo aka ndi mtsempha wa magazi. Mkombero wakuda wauzungulirawu ndi khoma lake, latupa. Tasindikizani." Wounika anasindikiza kachipangizo kaja. "Mtsempha wabwino ukausindikiza umaphwatalala, osaonekanso. Uwu onani, uli pomwepo. Magazi akudutsa movutikira, ndipo mitsempha yopita kumaso nayonso yatupa chimodzimodzi."

Anatembenukira kwa amayi. "Mayi, nsagwada zimawawa mukamatafuna, n'kusiya mukapuma?"

"Ndi momwemo."

"Zinayamba liti?"

Ndinayang'ana amuna anga.

"Miyezi iwiri yapitayo," anatero amuna anga. "Ndinawazula mano awiri."

"Anali obooka, adokotala," amayi anafulumira. "Apongozi angawa ali ndi dzanja labwino, sindinamve n'komwe."

"Anali abwinobwino, amayi," anatero amuna anga, maso ali pansi.

Dokotala sanawadzudzule, ndipo mwina kukanakhala bwino akanatero. Anangolemba msangamsanga papepala n'kuuza wounika kuti aitane namwino, dilipi iyambe nthawi yomweyo.

"Mankhwalawa amateteza chimene chatsala," anandiuza tili pakhonde. "Diso lamanja lapita, silibwerera."

"Nanga lamanzere?"

"Tiyesetsa. Koma likayamba chifunga chotere, nthawi zina limazimabe ngakhale mankhwala akulowa. Masiku atatu oyambirirawa ndi amene atiuze."

Amayi anawagoneka pa bedi la pafupi ndi zenera. Mutu unasiya kupweteka tsiku lomwelo, ndipo amayi anadya bwino kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri, akumanyodola odwala anzawo kuti amachedwa kumeza. Amuna anga ankabwera masana aliwonse atavala malaya awo oyera a kuntchito, n'kukhala pa benchi panja. Sankalowa.

Namwino ankabwera kawiri pa tsiku kudzayesa diso la amayi. Ankaima kumiyendo kwa bedi, n'kutukula dzanja kuti amayi awerenge zala. Tsiku loyamba anawerenga zinayi, anakhoza. Tsiku lachiwiri namwino anachita kusendera mpaka pafupi ndi nkhope.

Tsiku lachitatu masana, dzuwa likuwala pa bulangete lawo, namwino anafika ndi kabuku kake m'manja.

"Agogo, tiyeni tiwerenge zala zathu zija."

"Zitatu," anatero amayi.

Namwino anali asanatukule dzanja. Anandiyang'ana ine.

"Ndakhoza, eti?" anafunsa amayi, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Mwakhoza, amayi," ndinatero.

Namwino anatsegula kabuku kake n'kulemba.