Amayi Omeza Fumbi la Chitsulo

Lamulungu masana ndinagona pampando, ndipo zimene ndinalota sizikundichoka mpaka lero. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Dzulo lake mwana wanga Tiyamike, amene akuphunzira udokotala, anandiuza kuti akatswiri amayesa kulowetsa tizitsulo tochepa kuposa fumbi mu ubongo, thupi n'kumatichotsa lokha pang'onopang'ono.

Ndinalota ndili m'kati mwa mutu wanga womwe. Munali mofunda, monyowa, mukununkha dzimbiri. Paliponse panali fumbi lakuda lonyezimira, ngati lija limagwa ndikamapala chitsulo. Ndinatulutsa maginito a sipika yakale amene ndimatolera zinyenyeswa kuntchito, koma fumbilo linangoimirira ngati ubweya wa mphaka, osamatirira.

Kenako kunabwera amayi angapo ovala zoyera, akuyenda chogwada. Sankasesa ayi, ankameza fumbilo.

"Mayi, mudwala nazotu zimenezo!" ndinatero.

Mmodzi anaseka, mano ali bii. "Bambo, bwezani maginito anuwo m'thumba. Ntchito ino si yothamangira."

Fumbi lotsala linakokoloka ndi madzi oyera m'kangalande kotsikira kukhosi. Ndinamva kuzizira kokoma, ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

Nditadzuka ndinafotokozera Tiyamike. "Ndiye kuti m'mutu mwangamu ndi moyera eti?"

Iye anaseka. "Maloto si sikani younikira m'mutu kuchipatala, adadi. Tinthu tomeza zinyalala mu ubongo tilipodi, koma musatichulutsire ntchito."

Lolemba ndinavala chotchinga pamphuno chomwe chinakhala pamsomali chaka chathunthu. Anzanga anandiseka, koma sindinavule. Amayi aja nawonso ayenera kupumako.