Kompyuta Imauma pa Ndime Yachiwiri

Tsiku limene ndinkachoka, mchimwene wanga anandiperekeza kudepoti atasenza chikwama changa. Basi isananyamuke anagogoda pawindo. "Achemwali, nyimbo yathu ija sidzatuluka popanda mawu anu. Olo mukakhaleko mpaka imvi." Anali akadali kamnyamata ka mathalauza olekeza m'akakolo. Nyimboyo tinali titaijambula pa kaseti pabalaza, iye akuimba gitala, ine ndikuimba mawu.

Imvizo ndinabweradi nazo. Ndinapeza mtengo wa pakona utadulidwa, laibulale imene ndinkabisalamo ikugulitsa mafoni, ndipo chipinda changa chitasanduka situdiyo: masiponji m'makoma, windo lokhomedwa thabwa, fungo la mawaya otentha. Mchimwene wanga tsopano ali ndi chimimba ndi dazi, ndipo oimba amamutcha Injiniya. Kaseti ija anaisamutsira m'kompyuta kalekale, n'kumangowonjezeramo zida chaka ndi chaka: ng'oma, malipenga, piyano, mizeremizere yodzaza sikirini. Patapita masiku angapo chifikireni, muulutsi wina anavomera kuiika pawailesi madzulo a tsiku lomwelo, bola imupeze dzuwa lisanalowe. Chotsala chinali kuphatikiza mizere yonseyo kuti ikhale fayilo imodzi.

Koma ikafika pa ndime yachiwiri, pamene mawu anga amalowa, nyimbo inkayamba chibwibwi, kenako zii. Pulogalamu inkatsekeka yokha.

"Yaumanso," anatero Injiniya, akumenya tebulo.

"Kodi nyimbo yofuna anthu awiri inasowa chiyani kuti uilembere gulu lonse la asilikali?"

"Achemwali, kuno zinthu zinasintha."

"Ndaona. Ngakhale mtengo munaukwiyira."

Anayatsanso. Anatseka intaneti ndi timapulogalamu tina tonse timene tinkayenda mobisala, nauza pulogalamuyo kuti izitenga mawu m'zigawo zazikulu kuti isamabanike. Inayenda mokoka miyendo, ng'oma zikufika mochedwa ngati alendo a pa ukwati, n'kufanso pamalo omwewo. Ine ndinkangoyendayenda, kuchoka pakhomo kufika pamene panali bedi langa, n'kubwereranso. Ndinkakhala, n'kudzuka. M'chipindamo munalibe poyang'ana kunja.

Mlamu wanga, mkazi wake, analowa ndi mabotolo a madzi a m'firiji n'kuwagoneka m'mbali mwa kompyuta.

"Ikatentha imachita ulesi ngati mwini wake," anatero. "Alamu, khalani pansi, muboola kapeti."

"Muli kapeti muno? Ndimayesa ndi fumbi."

Anaseka mokweza. Ndi mkazi woseka msanga, ndipo amaimba kwaya. Ndinayesetsa kumuda kuyambira tsiku limene ndinafika, koma zinkandivuta.

Foni ya Injiniya inalira. Anali muulutsi uja. "Ikubwera, bwana, ikutuluka m'ng'anjo pompano," anatero, akutuluka thukuta. Atadula anayamba njira ina: kuzimitsa theka la mizere, n'kuyesa. Malipenga ndi piyano anazimitsa, inafabe. Ng'oma anazimitsa, inafabe. Ankachotsa theka la zotsala, n'kuyesanso, ndipo nyimbo inkaonda ndikuimvera, mpaka inatsala gitala ndi ine, monga tinalili pabalaza paja. Inafabe.

Anazimitsa mzere wanga. Gitala inadutsa ndime yachiwiri bwinobwino mpaka kumapeto.



"Ndiye kuti wolakwa ndine," ndinatero.

"Si inu ayi. Ndi kachipangizo kamene ndinaika pa mawu anu kochotsa phokoso la kaseti. N'kakale, sikakugwirizana ndi pulogalamu yatsopanoyi. Ndinaikonzetsa mwezi watha."

"Unakonzetsa chinthu chamoyo."

"Ndi mmene zimakhalira."

Anayesa kutulutsa mzere wanga pawokha kachipangizoko kali pomwepo. Inauma. Anakachotsa n'kuikapo kena katsopano. Inayenda, koma ndinkamveka ngati ndikuimbira m'ndowa. Mlamu anagwira pakamwa.

"Chotsa zonse," ndinatero. "Ndimve mmene ilili."

Anachotsa. Kunabwera kaye kusokosa kwa kaseti, ngati mvula yakutali. Kenako mtsikana wina anayamba kuimba, mawu opyapyala, odzikuza, osadziwa kanthu. Kumbuyo kwake mpando unakwekwereza. Bambo anatsokomola. Chapakati pa ndime, mayi anaitana kuchokera kukhitchini kuti wina akaanule zovala. Onse awiri anaikidwa m'manda ine kulibe. Ndinawerenga mabuku ambiri a anthu obwerera kwawo, ndipo onse amapeza chinachake chikuwadikira, kaya galu, kaya mpanda. Ine ndinapeza chifuwa cha bambo.

"Itumize choncho," ndinatero.

"Achemwali, pawailesi? Ndi zovala zoanula?"

"Zovalazo zakulakwira chiyani?"

"Ine dzina langa limadyera ukhondo wa mawu. Oimba akamva zimenezi adzati Injiniya wayamba kujambulira m'khola." Anapukuta dazi lake. "Bwanji mungoimbanso? Maikolofoni ndi iyi. Ndime imodzi yokha."

Ankadziwa za opaleshoni yanga ya pakhosi, chipsera chake chimaonekera pamwamba pa kolala. Komabe ndinavala mahedifoni. Anali ofunda ndi thukuta la anthu ena. Gitala inayamba, ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali chitseko cha dzimbiri. Ndinayesanso. Pamene mtsikana uja ankakwera mosavutika, ine ndinathera mphepo yokhayokha. Ndinavula mahedifoniwo n'kuwakoleka pa msomali.

"Mwina tikaitsitsa pang'ono," anatero mlamu, motsitsa mawu.

"Muitsitse mpaka pansi pa nthaka, mwina ndingaipeze."

Palibe anaseka. Foni inaliranso, Injiniya anangoiyang'ana ikunjenjemera patebulo mpaka inasiya. Kenako anatsetsereka ndi mizere kupita pansi pa sikirini, kumene kunali wina wozimitsidwa, wotuwa, umene sindinauone.

"Uwo ndi wa chiyani?"

"Ndi alamu anuwa. Anangoimba mongoyerekeza, kuti oimba malipenga azidziwa polowera."

"Ine musandilowetsemo," anatero mlamu. "Bambo a kuno, ndati musandilowetsemo." Anatola botolo limodzi n'kutuluka, chitseko n'kuchisiya pululu.

Injiniya anauyatsa mzerewo. Mawu a mlamu anali oyera, okhwima, ofika pamene ankafuna kufika. Ankapuma pamene ine ndinkapuma, zoonetsa kuti anali atandimvera kambirimbiri. Kompyuta inadutsa ndime yachiwiri osatsokomola n'komwe.

"Ndi za lero lokha, achemwali. Ndikapeza kachipangizo kabwino tidzatulutsa ina, yanuyanu."

Ndinaima kumbuyo kwa mpando wake, ndikuyang'ana kamzere kobiriwira kakudzaza pang'onopang'ono kuchoka kumanzere. Kamzereko kanafika kumapeto, iye anatumiza fayilo, natsamira kumbuyo, mpando n'kulira.

Madzulo mlamu anatsegula wailesi ya kukhitchini, ine ndikutsuka makapu. Nyimbo yathu inatuluka popanda mawu anga.